Chaka Chimene Ndinaimira Chipani Chosapambana

Nditasamukira ku Oshawa, tauni ina kuno ku Canada, ndinakhala miyezi yambiri popanda munthu wogogoda pakhomo panga. Ku Brampton, kumene ndinkakhala ndi malemu amuna anga, pakhomo sipankazizira. Amayi a kutchalitchi, anzathu a ku Zambia, wina kudzabwereka mphika waukulu, wina kudzangocheza. Koma bambo atamwalira nyumba ija inandikulira, lendi inandikuliranso, ndipo mwana wanga wamkazi anali atakwatiwa kale ku Oakville. Kuno ndinapeza ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndinapezanso besimenti, zipinda za pansi pa nyumba ya munthu wina, zimene zenera lake limangoona mapazi a anthu odutsa. Khomo langa linali la m'mbali, kuseri kwa mabini a zinyalala.

Tsiku lina Loweruka masana, ndili pa ofu, ndinamva kugogoda. Ndinayamba ndazimitsa wailesi kuti ndimvetsetse. Kugogoda kunabweranso. Nditatsegula ndinapeza mzungu wachikulire, wamtali, wowerama pang'ono, atavala jekete lotha m'zigongono, m'manja muli timapepala. Anandipatsa moni m'Chingelezi, nanena kuti akuyenda khomo ndi khomo m'malo mwa chipani chawo chifukwa chisankho chayandikira.

"Eni nyumba ali pamwambapa," ndinatero. "Khomo lawo ndi lakutsogolo."

"Ndawaona kale," anayankha. "Pano ndabwera kwa inu. Anthu a m'mabesimenti nawonso amavota."

Kwathu ku Ntcheu munthu wamkulu salankhulira pakhomo, ndiye mawu anangotuluka okha: "Lowani." Achikulirewo anadabwa, nayang'ana kumbuyo ngati ndikuuza wina. Anati pa zaka zonse zimene akhala akugogoda m'makomo, owauza kuti alowe ndi owerengeka. Anavula nsapato, nakhala pampando, ine n'kutereka tiyi.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangolandira unzika wa Canada, ndipo ndinali ndisanavotepo kuno. Ndinawafunsa kuti chisankho chake n'chitinso, popeza chaka chapitacho ndinaona zikwangwani zitadzaza m'misewu. Anandifotokozera modekha kuti chija chinali cha boma lalikulu la ku Ottawa, pamene ichi chinali cha chigawo cha Ontario, chimene chili ndi nyumba ya malamulo yakeyake ku Toronto. Chipani chawo chinalipo m'dziko lonse, koma iwo anali a nthambi ya m'chigawo. Dzina ndi lomwelo, koma atsogoleri ndi ena, mavutonso ndi ena. Za zipatala, za sukulu, za lendi, za nyumba za okalamba ngati imene ndinkagwirako, zonsezo anati zimagamulidwa ku Toronto.

"Ndiye mupambana?" ndinafunsa.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ayi, mayi. M'dera lino sitinapambanepo."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi. Ineyo ndaimirapo kangapo konse. Kugonja ndimakudziwa bwino."

"Nanga mukuvutikiranji?"

Anayang'ana m'kapu mwawo kaye. "Ndinagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto mpaka kupuma. Mkazi wanga anathera m'nyumba ya okalamba, ndipo ndinaona mmene ogwira ntchito mmenemo ankathamangira, munthu mmodzi pa zipinda zambirimbiri. Pa nthawi ya chisankho payenera kukhala wina wonena zimenezo, ngakhale akhale wotsiriza."

Pochoka anandiuza tsiku ndi malo amene amakumana. Ndinatsuka makapu awiri, ndipo ndikukumbukira kuti ndinawasiya onse pa thebulo kwa kanthawi ndisanawabweze m'kabati.

Ndinapita ku msonkhano wawo Lachiwiri lotsatira. Sindinganame kuti ndinapitira mfundo za chipani. Masiku a ofu ankanditalikira, ndipo ndinkafuna malo amene munthu angandifunse kuti ndaswera bwanji.

Ndale zimene ndinkazidziwa zinali za kwathu. Ndili mtsikana tinkatulutsidwa m'kalasi kukaima m'mbali mwa msewu kuwomba m'manja, ndipo amayi anga sankalowa mumsika popanda khadi la chipani. Zipani zitachuluka, ndale zinasanduka malole odzaza anthu, nsalu za nkhope ya mtsogoleri, zimkuzamawu, fumbi ndi nyimbo zonyoza. Ndinkayembekeza kuonako kachidutswa ka zimenezo. M'malo mwake ndinapeza kachipinda ka ku laibulale, thebulo limodzi, paketi ya mabisiketi, ndi anthu oti sangadzaze ngakhale theka la minibasi. Panali achikulire aja, panali amayi ena, mphunzitsi wopuma, amene anali mlembi wa nthambi ya dera lathu, ndi ena ochepa amene nkhope zawo zinkasintha mwezi ndi mwezi. Anakangana nthawi yaitali za kumene angasunge zikwangwani zakale. Palibe anaimba nyimbo. Pomaliza aliyense anapinda mpando wake n'kuuimika kukhoma.

Koma anandifunsa maganizo anga, ndipo ndikulankhula, amlembi aja ankalemba. Chifikireni m'dziko lino panalibe amene analembapo zonena zanga, kupatula adokotala.

Mbiri ya nthambiyo inali m'mutu mwa achikulire aja. Tikamayenda m'misewu kugawa timapepala ankandifotokozera ngati mlimi wokumbukira zaka za njala ndi za dzinthu. Kunali chaka chimene fakitale inachotsa anthu ambiri, anthu atakwiya ndi zipani zikuluzikulu, nthambiyo n'kufika pachitatu. Anati tsiku limenelo anavina ndi mkazi wawo pamalo oimika magalimoto. Kunali chaka chimene akuluakulu a chipani ku Ottawa anayambana, anthu kuno n'kulanga nthambi ya chigawo pa mlandu umene sinaudziwe. Kunalinso chaka chimene anapitiriridwa ndi munthu woima payekha, amene sanagogode khomo ndi limodzi lomwe. M'madera ena a chigawo, kutali ndi kuno, chipanicho chinkatolako mpando mwa apo ndi apo, ndipo achikulirewo ankanyadira ngati kuti mwana wa mchimwene wawo wakhoza mayeso.

Chisankho chimenecho tinagonja, monga ananenera. Sabata yotsatira anabwera ku msonkhano atanyamula keke.

Chisankho chikadutsa nthambi inkagona tulo. Miyezi ina tinkakumana atatu okha, n'kutha msonkhano tiyi asanazizire. Komabe sindinkajomba. Achikulire aja anazolowera kundiperekeza pa galimoto yawo yakale, ndipo panjira ankandisonyeza tauniyo: apa panali geti la fakitale, apa tinkagula nsomba Lachisanu, nyumba iyo munabadwira mkazi wanga. Ine ndinkawauza za mbatata ya kachewere ya m'misika ya m'mbali mwa msewu kwathu, ndi za amuna anga. Tonse tinali amasiye, ndipo tinkadziwa polekezera nkhani zotere. Akandisiya pa geti ankadikira mpaka ndiyatse getsi mkati.

Kamodzi pa mwezi ndinkapita ku Brampton, kumene a Malawi ndi a ku Zambia timakumana kupemphera ndi kudyera limodzi. Ulendo wake ndi wautali: sitima mpaka ku Toronto, kusintha, kenako basi. Tsiku lina ndinatulutsa timapepala ta chipani m'chikwama n'kutiika pathebulo la zakudya. Bambo wina wa ku Chipata, akauntanti, munthu wanthabwala, anatola kamodzi nakatembenuza uku ndi uku.

"Amai, mwangena mu ndale? Manje aka kachipani muzadyamo chani? Ngenani kwamene bawina!"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Kenako mnzanga wina wa ku Zomba, namwino, amene tinkagwirizana kwambiri amuna anga ali moyo, anandikokera kukhitchini.

"Asisi, tinabwera kuno kudzagwira ntchito ndi kuphunzitsa ana. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mukungodzisitiresa ndi zinthu za eni ake. Mwaiwala zimene ndale zinatichita kumudzi?"

"Kuno n'zina," ndinatero.

"N'zina chifukwa n'zawo. Inu muzingovota basi, n'kubwerera kunyumba."

Pobalalika ndinapeza timapepala tija tili pomwe ndinatisiya, kamodzi wina ataikapo mafupa a nkhuku. Ndinatitola n'kutibweza m'chikwama. Sindinakwiye, chifukwa mnzangayo ankandifunira zabwino. Koma kuyambira tsiku limenelo za ku laibulale sindinkazinenanso ku Brampton, ndipo pa sitima yobwerera ndinkakhala ndi nkhani zambiri zopanda womuuza.

Patapita zaka zingapo boma la chigawo linaitanitsa chisankho mwadzidzidzi, pakati pa nyengo yozizira. Sabata yomweyo amlembi anandiimbira foni ndili pa buleki kuntchito. Achikulire aja anali atagwa m'bafa kunyumba kwawo. Inali sitiroko. Nditaweruka ndinapita kuchipatala, ndipo ndinawapeza mbali imodzi ya nkhope itagwa, dzanja lamanja lili lobodoka pa bulangete. Ntchito yanga ndi yomweyi, anthu otere ndimawasambitsa tsiku ndi tsiku. Ndinawapukuta pakamwa, n'kuwakonzera pilo.

Amlembi anali pomwepo. Anati ku likulu la nthambi ku Toronto akufuna msanga dzina la woimira dera lathu, apo ayi chipani chathu sichikhalapo pa pepala la voti. Iwo sakanatha, mawondo anali atawathera. Ena aja anali atakana kale.

"Palibe akuyembekeza kuti mupambane," anatero. "Tikungofuna kuti anthu athu akapita kukavota akapeze pochonga."

Ndinakana. Ndinati Chingelezi changa n'cha ku Ntcheu, ndimagwira mashifiti, galimoto ndilibe. Achikulire aja anayesa kulankhula koma mawu sankatuluka bwino. Kenako anakweza dzanja lamanzere, nagogoda pa chitsulo cha bedi ngati mmene amagogodera pakhomo, n'kundiloza ine. Ndinavomera pomwepo.

Lamlungu ndinapita ku Oakville kukauza mwana wanga. Anabwera kuno ali wamng'ono. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingelezi. Ndinamuuza tili m'khitchini mwake, iye akulongedza mbale m'makina otsukira.

"Ndiimira chipani pa chisankho chikubwerachi."

Anaima mbale ili m'manja. "Mum, seriously?"

Kenako anayamba kundiyalira zonse m'Chingelezi chake chothamanga. Anati nkhope yanga ikhala m'misewu, anthu a pa intaneti alibe chifundo ndi mayi wakuda wolankhula ngati ine, BP yanga ikwera, ndipo chipanicho sichipambana, ndiye phindu lake n'chiyani.

"Ndikudziwa kuti sitipambana, mwanawe."

Anati ngati vuto ndi kusungulumwa, ndizibwera kudzakhala kwawo kumapeto kwa sabata, chipinda chilipo. Ankanena mwachikondi, ndipo mwina ankanena zoona. Ndinafuna kumufotokozera kuti kukhala mlendo m'chipinda chosanja bwino si chimodzimodzi ndi kukhala ndi anthu amene akukudalira, koma mawu ake sindinawapeze, m'Chichewa ngakhale m'Chingelezi. Anandiperekeza ku sitima, ndipo panjira anaima pa sitolo n'kundigulira magolovesi okhuthala.

Kumudzi nkhani inafika mwa mtundu wina. Ndinangouza mlongo wanga amene anatsala ku Ntcheu, mawa lake mudzi wonse unadziwa kuti ndikukhala phungu ku Canada. Anayamba kunditchula kuti Onolebo. Achibale amene anasiya kundiimbira chimwalirireni amuna anga anayambiranso kutumiza moni. Ndikati ndifotokoze kuti chipani chathu n'chaching'ono, iye ankandidula: "Achemwali, musadzichepetse. Mulungu akafuna, wafuna."

Zikwangwani zinabwera kuchokera ku Toronto, nkhope yanga ikumwetulira kuposa mmene ndimamwetulira. Nthaka inali itauma gwa ndi chisanu moti mawaya ake sankalowa, ndiye ndinkangozizika m'milu ya chipale chofewa imene magalimoto okokolola misewu amasiya m'mbali. Amlembi ankandiyendetsa pa galimoto yawo akadzuka bwino, koma iwo ankatsala mkati injini ikulira. Masiku ambiri ndinkayenda ndekha ndikaweruka shifiti ya m'mawa, timapepala tili m'kangolo kanga kogulira zinthu.

Makomo ambiri sankatsegulidwa. Ndinkamva TV mkati, galu akuuwa, nthawi zina katani n'kugwedezeka. Ndinazolowera kulankhula ndi timakamera ta pakhomo, kutchula dzina langa ndi la chipani kwa kadiso kagalasi. Otsegula ambiri anali aulemu. Ankamwetulira, kulandira kapepala, n'kutseka msanga kuti kutentha kusatuluke. Bambo wina anandifunsa kumene ndinachokera, ndipo nditamuuza anati ndi mavuto onse ali kumeneko, bwanji osakakonza kwanu. Ndinamuthokoza n'kutsika masitepe ake mosamala, chifukwa anali oterera.

Pa nyumba ina anatsegula mayi wa msinkhu wanga. Anandiyang'ana, nayang'ana kapepala, n'kugwira pakamwa.

"Ndinu amene munkasamalira amayi anga," anatero, natchula chipinda chimene ankagona.

Ndinawakumbukira. Anali gogo wokonda kupesedwa tsitsi, amene anamwalira nthawi ya mliri ija, pamene achibale sankaloledwa kulowa.

"Munali nawo pomaliza?" anafunsa.

"Ndinali nawo. Sanali okha."

Analira ali pakhomo pomwepo. Anandilowetsa, nandipatsa khofi, ndipo anandifunsa zinthu zing'onozing'ono zimene anakhala nazo mumtima zaka zonsezo: ngati ankadya, ngati ankamutchula, ngati zenera linali lotsegula. Ndinamuuza zimene ndinkakumbukira. Potuluka anandigwira dzanja.

"Ndikuuzeni zoona, banja lathu timavotera chipani china kuyambira kale, ndipo sindisintha. Koma ndasangalala kuti mwabwera."

Ndinamuuza kuti palibe vuto, ndipo ndinkanena zochokera pansi pa mtima. Tsiku limenelo sindinagogodenso khomo lina.

Mtsutso wa opikisana unachitika Lamlungu masana mu holo ya anthu opuma pantchito. Ulendo uno ndinali nditalimba mtima n'kulengeza ku Brampton, ndipo angapo anati abwera. M'mawa wake kunagwa chipale chambiri, misewu inavuta, ndipo nditayang'ana m'holomo sindinaone nkhope ya kwathu ngakhale imodzi. Mwana wanga anatumiza uthenga wondifunira zabwino. Wotsogolera mwambo anapunthwa pa dzina langa, ndinamuthandiza, anapunthwanso. Funso la nyumba za okalamba ndinaliyankha bwino ndithu. Koma atafunsa za magetsi ndi za misewu ikuluikulu, zonse zimene ndinaloweza zinathawa. Ndinaima, maikolofoni ili m'manja, ndikumva mpweya wanga m'zimkuzamawu.

"Pepani, funso ili sindikulidziwa bwino," ndinatero, n'kukhala pansi.

Munthu mmodzi kumbuyo anawomba m'manja, mwina mwa chifundo. Pomaliza anzanga opikisana nawo anazunguliridwa ndi anthu awo, wina kuwanyamulira jekete, wina kuwajambula. Ine ndinavala langa, n'kufunsa mlonda kumene basi imaima Lamlungu.

Tsiku lovota ndinapita ku sukulu ya pafupi nditaweruka. Anandipatsa pepala, ndinalowa kuseri kwa katoni. Dzina langa linali pamenepo, pakati pa maina enawo, litasindikizidwa bwinobwino popanda cholakwika. Pa maina anga awiriwo, loyamba ndi langa, koma lachiwiri ndi la amuna anga, dzina la bambo awo ndi agogo awo, la kumudzi kwawo kuseri kwa mapiri a ku Dedza. Munthu amene anandibweretsa kuno, amene ananyamula makatoni m'nyumba zosungira katundu za ku Brampton digiri yake ili m'sutikesi, namwalira asanalandire unzika. Ndinaima nthawi yaitali kuposa imene munthu amafunika kuti achonge. Ndinafuna kutembenuka kuti ndiuze wina, koma kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu osandidziwa, nsapato zawo zikudontha madzi pansi. Ndinachonga, n'kukapereka kwa mayi wa pa makina owerengera mavoti. Anati zikomo osakweza maso.

Zotsatira sindinazidikire. Mawa lake ndinali ndi shifiti ya m'mamawa, ndiye ndinazimitsa foni msanga. Ndinaziona ndili m'basi kukucha: wachiwiri kuchokera kumapeto. Kuntchito mnzanga wina wa ku Philippines anandikumbatira pa khonde la mkati, kenako belu la chipinda china linalira, tinabalalika.

Pa buleki mlongo wanga anaimba.

"Onolebo, zatha bwanji?"

"Ndaluza, achimwene."

"Akuberani?"

"Ayi. Anthu sanandivotere basi."

"Simupita kukhoti?"

"Kukatani? Awerenga bwino."

Njinga zamoto zikumveka kudutsa kumbuyo kwake, anafunsa: "Ndiye anthu kuno ndiwauze chiyani?"

"Auzeni zomwezo."

Moni uja wa achibale unauma pang'onopang'ono. Ku Brampton anandilandira ngati munthu wochira matenda. Mnzanga wa ku Zomba anandipepesa za chipale chija, nandiikira nyama yambiri m'mbale, ndipo za chisankho palibe anazitchula.

Achikulire aja anali atawasamutsira ku chipatala chophunzitsa anthu kuyendanso. Ndinawapeza pa njinga ya olumala pafupi ndi zenera. Mawu anali atayamba kubwerera, amodziamodzi.

"Wachingati?" anafunsa.

Ndinawauza. Anatseka maso, mbali yamoyo ya nkhope yawo n'kumwetulira.

"Si womaliza," anatero, liwu lililonse akulikoka ngati chidebe cha pachitsime.

"Si womaliza ayi."

Ndinawafotokozera za mtsutso uja osabisa kanthu, ndipo anaseka mpaka namwino anasuzumira. Kenako anandiuza movutikira kuti mwana wawo wamwamuna akubwera kudzawatenga kupita nawo ku Alberta, kumene amakhala, ndipo nyumba yawo igulitsidwa. Ndinapempha chowengera kwa namwino n'kuwawenga zikhadabo za dzanja lakufa lija, popeza zinali zitakula ndipo panalibe amene anaziona. Atapita ndinawaimbira kangapo, koma pafoni mawu awo sankamveka, ndipo tonse tinkatopa. Chaka chotsatira mwana wawo ananditumizira uthenga kuti amwalira. Maliro anali atachitika kale.

Nthambi ya dera lathu sinakhalitse pambuyo pake. Amlembi anasamukira kwa mng'ono wawo, ndipo a ku Toronto anatiphatikiza ndi madera oyandikana nafe. Misonkhano tsopano imachitika pa kompyuta. Ndimakhala pathebulo langa ndikuona nkhope m'timabokosi, anthu anzeru olankhula mofulumira za njira zatsopano zokopera ovota. Amandilemekeza, ndipo wapampando amanditchula kuti ndine amene ndinaimirapo ku Oshawa. Atandifunsa ngati ndingadzaimirenso ndinati ayi, koma timapepala ndizigawa. Msonkhano ukatha timabokosi timazima kamodzikamodzi, mpaka nditsale ndikudziyang'ana ndekha.

Zikwangwani zanga ndinazitola ndekha chisankho chitangotha, zina zitakwiririka m'chipale mpaka m'khosi, n'kuziunjika kuseri kwa chitseko. Kutayamba kufunda, mwini nyumba, bambo wa ku Portugal wosalankhulalankhula, anaziona ndikusesa. Anafunsa mwamanyazi ngati ndingamupatse kuti atchingire mphepo mbande zake za matimati. Ndinamupatsa zonse. Nyengo yonse yotentha, ndikamapita kuntchito, ndinkadutsa nkhope zanga zitazungulira dimba lake, zikumwetulira, dzuwa likuzisulutsa pang'onopang'ono. Matimati atapsa anandibweretsera dengu lodzaza, oti munthu mmodzi sangawathe. Ena ndinapita nawo kuntchito. Otsalawo ndinawaphika n'kuwasunga mufiriji, ndipo ndinawadya mpaka kuzizira kunabweranso.